Msonkho wa mowa, ndudu ndi zakumwa zotsekemera: ukuchepetsa matenda kapena ukungofinya osauka?

Jere: Akuluakulu, bajeti ikamayandikira nkhani iyi silephera kubwera: akuti boma likweze msonkho pa ndudu, mowa ndi zakumwa zotsekemera kuti anthu achepetse, matenda nawo achepe. Ine ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, ndiye ndiyamba ndi masamu. Msonkho woterewu suyang'ana thumba la munthu. Tiyerekeze mlonda wolandira K100,000 pamwezi ndi bwana wake wolandira K3 miliyoni, onse amamwa botolo limodzi patsiku, ndipo msonkho ndi K100 pa botolo. Pamwezi aliyense wapereka K3,000. Kwa mlonda ndi 3 peresenti ya malipiro ake, kwa bwana ndi 0.1 peresenti, sadziwa n'komwe kuti wapereka. Ndiye tikati tikuteteza umoyo wa anthu, tikuteteza ndi ndalama za ndani?

Nachisale: A Jere, masamuwo ndi oona koma mwawerengera mbali imodzi. Ine ndine namwino, ndimakhala ku kiliniki ya odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Bwana uja akadwala shuga amapita kuchipatala cholipira, mankhwala ali nawo mwezi ndi mwezi. Mlonda uja amadzabwera kwa ife chala cha kuphazi chitada kale. Mankhwala akasowa timamulembera kuti akagule, sagula, chifukwa ndalama alibe. Mwendo ukadulidwa ntchito yaulonda yathera pomwepo, ana asiya sukulu. Matendanso sayang'ana thumba, koma amene amamugwetseratu ndi wosauka. Kafukufuku wa mu 2009 anapeza kale kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi muno ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa.

Jere: Sindikukana kuti matenda alipo, achemwali. Ndikufunsa ngati msonkho ndiye mankhwala ake.

Wa ku Joni: Ndiloleni ndiyankhepo chifukwa kuno zinachitika ndikuona. Ndimagulitsa mu spaza, kagolosale kakang'ono ka kuno. Mu Epulo 2018 boma la South Africa linayamba msonkho wa zakumwa zotsekemera, dzina lake Health Promotion Levy. Sanauike pa botolo, anauika pa shuga amene ali m'botolomo. Magalamu 4 oyamba pa mamililita 100 alionse ndi aulere, kupitirira apo galamu iliyonse inali masenti 2.1, kenako mu 2019 anakweza kufika 2.21. Pa chitini wamba cha 330 ml cha chakumwa chotsekemera kwambiri zinkakwana masenti 40 ndi chakuti, osakwana theka la randi. Poyamba ankafuna msonkho wa pafupifupi 20 peresenti ya mtengo, koma makampani ndi alimi a nzimbe a ku KwaZulu-Natal analira kwambiri, mpaka anautsitsa kufika cha m'ma 11.

Zimene ndinaona ine m'shopu ndi izi: anthu sanasiye kugula. Chimene chinasintha ndi zakumwazo. Makampani anayamba kuchepetsa shuga n'kuikamo zotsekemeretsa zina kuti athawe msonkho, zitini zina anazichepetsa kukula. Makasitomala ankadandaula kuti kakomedwe kasintha, koma n'kumagulabe.

Nachisale: Ndiye kupambanatu kumeneko, achimwene. Munthu wamwa botolo lomwelo koma shuga walowa wochepa. Ofufuza atatsata zimene mabanja a m'matauni a ku South Africa ankagula, anapeza kuti shuga wochokera m'zakumwa zamsonkhozo anatsika ndi pafupifupi theka poyerekeza ndi mmene zikanakhalira popanda msonkhowo, ndipo amene anachepetsa kwambiri ndi mabanja osauka. Ku Mexico, komwe anayamba mu 2014 ndi peso imodzi pa lita, kugula kunatsika ndi 6 peresenti chaka choyamba, koma m'mabanja osaukitsitsa kunatsika ndi 9. A Jere, wosauka ndi amene amamva mtengo ukakwera, ndiye ndi amenenso amasintha msanga. Akasintha, msonkho uja saupereka, ndipo phindu pa thupi ndi lake.

Jere: Kugula kutsika ndi china, matenda kutsika ndi china. Ndionetseni kuti odwala shuga achepa ku Soweto chifukwa cha masenti 46.

Nangozo (Glasgow): Moni nonse. A Jere afunsa funso loyenera, ndipo yankho lake silokoma kwenikweni kwa mbali zonse ziwiri. Matenda a shuga amatenga zaka zambiri kuti aoneke, ndiye msonkho wa 2018 sungayembekezere kuti uonetse zotsatira zake msanga pa matenda amenewo. Koma pali zina zimene zimaoneka msanga. Kuno ku Britain msonkho wa zakumwa unalengezedwa mu 2016 ndi George Osborne ali nduna ya zachuma, n'kuyamba kugwira ntchito mu Epulo 2018. Anapatsa makampani zaka ziwiri dala. Chakumwa cha shuga wosakwana magalamu 5 pa 100 ml chinalibe msonkho, kuyambira 5 mpaka 8 inali mapensi 18 (18p) pa lita, kupitirira 8 inali 24p. Tsiku lisanafike n'komwe, Ribena, Lucozade ndi Irn-Bru ya kuno ku Scotland anali atadula kale shuga. Anthu a kuno anakwiya ndi Irn-Bru ngati wina wawalanda dziko, ena anachita kuunjika mabotolo akale m'nyumba. Coca-Cola yofiira ija sanaisinthe, anangokweza mtengo.

Zotsatira zake: ana ogonekedwa m'chipatala kuti akazulidwe mano ovunda anachepa ndi pafupifupi 12 peresenti. Kunenepa kwambiri kunachepako mwa atsikana a zaka 10 ndi 11, makamaka a m'madera osauka, koma mwa anyamata a msinkhu womwewo sanapeze kusintha. Ndiye ndi zoona kuti umathandiza, koma si mozizwitsa ayi.

Mai a Tadala: Ine ndikuwerenga zonsezi ndili pa golosale yanga ku Ndirande, ndikungoseka. Inu mukuganiza kuti wosauka wa kuno shuga wake amamumwera mu Fanta? Fanta ndi ya pa Khirisimasi, pa ukwati, kapena wodwala akagonekedwa. Shuga wa tsiku ndi tsiku ndi wa mu tiyi. Ine ndimagulitsa shuga woyeza m'timapepala, munthu amathira masupuni anayi kapena asanu m'kapu imodzi, chifukwa tiyiyo ndi mandasi awiri ndiye chakudya mpaka madzulo. Ana amayamwa mafilizesi a m'mapepala opangidwa kuseri kwa nyumba. Thobwa wa masiku ano amathiranso shuga wambirimbiri. Zonsezi a MRA akazipeza kuti?

Bambo Mbewe: Mai a Tadala mwalasa. Ndipo wina asayerekeze kunena kuti ndiye tiike msonkho wina pa paketi ya shuga. Shuga wa kuno amathiramo vitamini A mwalamulo, boma lomwe linasankha shuga chifukwa limadziwa kuti amafika nyumba zambiri. Dzanja lina likuti idyani kuti ana asadwale maso, dzanja lina lizilanga? Komanso mukukumbuka mmene zinalili mu 2024 shuga atasowa, mizere m'masitolo, ena kugulitsa mobisa pamtengo wowirikiza. Anthu sanasiye tiyi. Anasiya kugula zina kuti apeze shugayo.

Nachisale: Bambo, za paketi ya shuga ndikugwirizana nanu, palibe akunena zimenezo. Koma musaiwale kuti tauni ikusintha. Ana a sukulu ku Lilongwe ndi Blantyre akunyamula timabotolo ta zakumwa zotsekemera tsiku lililonse, anyamata a kabaza ndi ma minibasi akumwa zija amati zopatsa mphamvu kuyambira m'mawa. A WHO amalangiza kuti shuga wothira asapitirire pafupifupi magalamu 50 patsiku kwa munthu wamkulu, ndiwo masupuni aang'ono 12. Chitini chimodzi cha 330 ml chimatha kukhala ndi magalamu 35. Tidikire mpaka tifike pomwe South Africa yafika?

Mai a Tadala: Mukakweza za kuno, anthu agula Frozy wochokera ku Mozambique. Ine ndemwe ndikhala woyamba kukapikula, sindibisa. Kasitomala amafunsa chotchipa.

Jere: Ndi zimene zinagwetsa msonkho wa ku Denmark. Mu Okutobala 2011 anaika msonkho pa zakudya zamafuta, batala, tchizi, nyama. Anthu anayamba kuwoloka malire kukagula ku Germany ndi Sweden, makampani kudandaula za mapepala ochuluka, ndipo patangotha chaka ndi miyezi yochepa anauchotsa. Dziko lolemera, la malire olondedwa bwino. Nanga ife a Mwanza, Dedza, Muloza ndi Mchinji, komwe njinga zimadutsa m'tinjira usiku wonse?

Bambo Mbewe: Tisiye za shuga pang'ono, tikambe za mowa, chifukwa kumeneko ndiye kuli maliro. Ndaphunzitsa zaka zambiri kumudzi, ndipo ndaika m'manda ana anga a sukulu amene anafa ndi chiwindi asanafike zaka 35. Palibe mmodzi mwa iwo amene anafa ndi Carlsberg. Sakanaukwanitsa. Anafa ndi kachasu ndi masacheti. Masacheti aja anali oopsa chifukwa cha kutchipa, mwana wa Sitandade 7 ankagula ndi ndalama ya mandasi n'kubisa m'thumba la yunifolomu. Anzathu a ku Zambia analetsa masacheti awo otchedwa tujilijili mu 2012, ifenso tinatsatira pambuyo pake. Kuletsa kuja kunathandizako pa ana a sukulu, ndinaona ndi maso. Koma mowa womwe uja unabwereranso m'timabotolo ta pulasitiki, ndipo kachasu sanasunthe.

Tsono mukakweza msonkho pa mowa wa m'botolo ndi Chibuku, munthu amene amamwa Chibuku sapita kunyumba kukamwa madzi. Amatsikira kwa mayi wotcheza kachasu kuseri kwa msika, komwe palibe amene wayeza ukali wake kapena kuona zimene athiramo. Mwatseka khomo lakumaso, lakuseri lili pululu. Pamapepala a boma zioneka kuti mowa wogulidwa wachepa, a unduna aombera m'manja, koma kumudzi maliro achuluka.

Nangozo (Glasgow): Bambo Mbewe, mfundo yanu ndi yolemera. Kuno ku Scotland anachita china chosiyana ndi msonkho. Mu Meyi 2018 anaika mtengo wotsikitsitsa wa mowa, 50p pa muyezo uliwonse wa ukali, ndipo mu Seputembala 2024 anakweza kufika 65p. Makampani a whisky analimbana nalo lamuloli m'makhoti kwa zaka zisanu, anagonja mu 2017. Mowa wa m'mabala sunakhudzidwe chifukwa unali wodula kale. Umene unakwera ndi wotchipa waukali, wa m'mabotolo akuluakulu umene zidakwa zimagula. A Public Health Scotland, bungwe la zaumoyo la kuno, atawunika anati imfa zobwera chifukwa cha mowa wokha zinachepa ndi pafupifupi 13 peresenti poyerekeza ndi mmene zikanakhalira, ndipo kuchepako kunali kwakukulu m'madera osauka. Koma lipoti lomwelo linanenanso kuti ena amene mowa unawalowerera sanasiye, anachepetsa ndalama ya chakudya. Ine ndimasamalira okalamba ndi odwala m'makomo mwawo, anthu otere ndimawaona, m'firiji mulibe kanthu koma botolo lilipo.

Kusiyana kwake ndi kwathu ndi kumene mwanena: kuno kulibe mayi wotcheza kachasu kuseri kwa msika.

Wa ku Joni: Kuno tinaona mmene khomo lakuseri limatsegukira. Nthawi ya Covid, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka Ogasiti 2020, boma linaletseratu kugulitsa ndudu. Osuta ambiri sanasiye, ankagula mobisa pamtengo wokwera kangapo. Chiletso chitatha, ogulitsa mobisa aja anali atakhazikika kale, ndipo ofufuza a ku University of Cape Town anati ndudu zoposa theka zogulitsidwa m'dziko muno zinali zosalipira msonkho. Lero paketi ina imagulitsidwa pamtengo wochepera msonkho wake weniweniwo. Ndani angagule yodula?

Nachisale: Koma chimenecho chinali chiletso, achimwene, osati msonkho. Mbiri ya msonkho wa ndudu ku South Africa komweko ndi yabwino. Kuyambira 1994 boma la Mandela linkakweza chaka ndi chaka, ndipo m'zaka pafupifupi khumi osuta anatsika kuchoka pa munthu mmodzi mwa atatu kufika pa mmodzi mwa anayi, ndalama za boma n'kukweranso. Pa fodya umboni ndi wochuluka kuposa pa china chilichonse. Amene amathandizika kwambiri ndi achinyamata, chifukwa ndudu ikadula sayamba n'komwe. N'chifukwa chake a WHO amati msonkho uzikwana 75 peresenti ya mtengo wa paketi.

Phiri wa ku Kasungu: Ndimangowerenga osalankhula koma mwafika pa fodya ndiye ndilowe. Inu a m'tauni mukufuna kupha ife alimi. Fodya ndi amene amabweretsa ndalama zakunja m'dziko muno, mankhwala a kuchipatala kwanuko a Nachisale amagulidwa ndi madola a fodya wa bale. Mu 2023 boma linalowa m'pangano la WHO lolimbana ndi fodya, ife sitinafunsidwe. Pano mukuti msonkho.

Jere: Apa a Phiri ndikhala mbali ya a Nachisale pang'ono. Fodya amene mumagulitsa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo pafupifupi yense amapita kunja. Mtengo wake umadalira ogula a kunja, osati ndudu zimene zimasutidwa ku Kasungu. Ngakhale Amalawi onse atasiya kusuta mawa, belo lanu silingatsike mtengo chifukwa cha zimenezo. Chimene chingakupwetekeni ndi anthu a ku Ulaya ndi Asia akamasiya, ndipo zimenezo bajeti yathu singaziletse.

Phiri wa ku Kasungu: Chabwino. Komabe kumudzi kuno amene amagula ndudu ya m'paketi ndi ochepa. Madala amapichira chingambwe m'pepala la kope, agogo aakazi ali ndi fodya wawo wa m'mphuno. Msonkhowo uwapeza bwanji?

Bambo Mbewe: Ndi nkhani ya kachasu yomwe ija.

Nachisale: Ndamva, ndipo sindikutsutsa kuti kumudzi msonkho sufika. Koma chifukwa chakuti sufika kwa agogo a chingambwe, tiusiye osafikanso kwa mnyamata wa Fomu 2 wogula ndudu imodziimodzi pa okala? Ameneyo sangapichire chingambwe, anzake amuseka. Amafuna ya fyuluta. Ikadula amaganiza kawiri.

Mai a Tadala: Ya imodziimodzi ndiye imayenda kwambiri pano. Paketi yathunthu ndimagulitsa mwa apo ndi apo. Ikakwera ndi K20 kapena K50 sadandaula, amangoti onjezani pa ngongole.

Jere: Tsono tifike pamene pamandipweteka ine. Ndalama zake zimapita kuti? Ku South Africa msonkho uja dzina lake ndi lolimbikitsa umoyo, koma ndalama zimalowa m'thumba lalikulu la boma, gawo lochepa lokha ndi limene limapita ku ntchito zoteteza matenda. Ku Zimbabwe anayamba msonkho wa shuga wa m'zakumwa mu 2024 akuti agulire makina a khansa, ndipo madokotala a kumeneko anachita kulemba makalata kufunsa kuti ndalamazo zili kuti. Nduna ya zachuma ikasowa ndalama, msonkho wa mowa ndi ndudu ndi wosavuta, palibe phungu angaime m'nyumba ya malamulo kuteteza chidakwa. Amauveka dzina la umoyo kuti tisalankhule. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zonse zinakwera zokha, kuposa mmene msonkho uliwonse wa umoyo ukanakwezera. Kodi kuchipatala kwanu mizere inachepa, a Nachisale?

Nachisale: Sinachepe, koma inunso mukudziwa kuti pamenepo zinakwera zonse pamodzi, nyemba, mafuta, usipa, matemba. Msonkho umene tikukamba umafuna kuti choipa chidule kuposa chabwino. Zonse zikadula, munthu amathawira ku chokhutitsa chotchipa, ndiye nsima yambiri, tiyi wa shuga ndi mchere wochuluka m'ndiwo zochepa. Zimenezo ndiye zimationjezera odwala.

Za kumene ndalama zimapita, pali dziko limene linayesa kuchita bwino. Ku Philippines mu 2012 anakweza kwambiri msonkho wa ndudu ndi mowa, ndipo lamulo lomwelo linanena kuti ndalama zambiri zoonjezerekazo zipite ku zaumoyo, makamaka kulipirira mabanja osauka inshulansi ya chipatala. Gawo lina linkapita ku zigawo zolima fodya kuti alimi athandizike, a Phiri mumve pamenepo. Zikatero mlonda wa a Jere uja wapereka K3,000 yake, koma akadwala akapeza insulini.

Jere: Zikatero. Kwathu kuno ndalama za pa mafuta a galimoto zokonzera misewu tinaziika padera kalekale, ndipo maenje mukuwaona.

Wa ku Joni: Hahaha a Jere simugonja.

Nangozo (Glasgow): Ine ndikuona kuti tikusakaniza zinthu zitatu zosiyana: zakumwa zotsekemera, mowa ndi ndudu. Pa zakumwa za m'fakitale, njira ya Britain ndi South Africa yolipiritsa shuga osati botolo ndi imene sipweteka wosauka kwambiri, chifukwa kampani ili ndi pothawira: ichepetse shuga, mtengo usakwere. Mafakitale a zakumwa ku Malawi ndi owerengeka, a MRA ndi a Malawi Bureau of Standards angathe kuwafikira onse. Koma mukangoti peresenti yakutiyakuti pa chakumwa chilichonse, cha shuga wambiri ndi cha wochepa mofanana, ndiye a Jere akunena zoona, kumeneko ndi kutolera ndalama basi.

Bambo Mbewe: Pa zakumwazo chitani mmene mungachitire, mwana wanga, sindilimbana nanu. Koma pa mowa ndikupemphani mundimvetse. Ngati mukufuna kukweza, kwezani pa timabotolo ta pulasitiki ta mowa waukali, molingana ndi ukali wake, ndipo Chibuku musachikhudze. Munthu akhale ndi chifukwa chomwera chofooka. Ndipo za amayi otcheza kachasu musaganize kuti apolisi athetsa. Ambiri ndi amasiye, akulipirira ana fizi ndi m'phika umenewo. Mukaswa mphika lero, sabata yamawa wagula wina pa ngongole.

Nachisale: Bambo, kumeneko ndiye sindidziika ngati ndili ndi yankho la msonkho. Odwala a kachasu amatipeza mimba itatupa kale, maso achikasu. Chimene ndimapempha ine n'chakuti ngati ndalama za msonkho wa mowa zilipo, ziyambire pa zinthu zazing'ono zimene timasowa: makina oyezera BP m'zipatala za kumidzi, timapepala toyezera shuga, ndi munthu mmodzi pa chipatala chilichonse cha boma wodziwa kuthandiza amene akufuna kusiya mowa. Panopa munthu akati ndikufuna kusiya, ambiri timangowauza kuti apite kutchalitchi kapena ku Zomba Mental.

Phiri wa ku Kasungu: Ku Zomba ndani angavomere kupita, anthu azinena kuti wapenga.

Mai a Tadala: Ine pempho langa ndi limodzi kwa amene mumakhala nawo pa misonkhano ya bajeti ija imachitika ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Mukakweza, lengezani poyera kuti chakwera ndi chiyani, ndi ndalama zingati. Chifukwa nduna ikangotchula mawu oti msonkho pa wailesi, mawa lake opikulitsa akweza chilichonse, ngakhale sopo ndi machesi, ndipo amene amatukwanidwa pa windo ndine.

Jere: Chaka chino ndikapita ku wa ku Blantyre. A Nachisale, nditumizireni kumbali mitengo ya timapepala toyezera shuga ndi ya insulini ya mwezi umodzi, ndikufuna ndiwerengere kuti msonkho wa K50 pa botolo ungagule zochuluka bwanji. A ku Joni, mundijambulireko zolemba za pa chitini cha kumeneko ndi cha chakumwa chomwecho cha kuno, tione ngati shuga wake ndi wofanana.

Wa ku Joni: Cha kuno ndijambula ndikatsegula shopu mawa. Cha kumudzi ajambule Mai a Tadala, ali nacho pa shelefu.